Chiwawa m'buku la Things Fall Apart

Chiwawa ndi imodzi mwa mfundo zikuluzikulu za m'buku la Things Fall Apart, nthano yaitali imene Chinua Achebe wa ku Nigeria analemba m'Chingerezi ndipo inasindikizidwa koyamba ku London m'chaka cha 1958 ndi kampani ya William Heinemann. Bukuli limakamba za moyo wa anthu a mtundu wa Igbo, kum'mwera chakum'mawa kwa Nigeria, m'zaka zimene amishoni ndi atsamunda a ku Britain ankalowa m'dera lawo. Mpangankhani wamkulu ndi Okonkwo, mlimi wa zilazi komanso msilikali wodziwika wa ku Umuofia, dera la midzi isanu ndi inayi. Kuyambira pa mutu woyamba mpaka wa 25, nkhani imayenda ndi kumenya, kupha ndi kuopseza. Koma Achebe sanaike zonsezi m'thumba limodzi. Pa chochitika chilichonse amaonetsa amene waloleza chiwawacho, amene angachidzudzule, ndiponso ngati wochichitayo ali ndi poyankha mlandu.

Wolemba ndi nthawi ya nkhaniyi

Achebe anabadwa pa 16 Novembala 1930 ku Ogidi, pafupi ndi mzinda wa Onitsha, ndipo anamwalira mu 2013 ku Boston. Bambo ake anali mphunzitsi wa mpingo wa Anglican, choncho iye anakulira m'banja lachikhristu pakati pa abale amene ankatsatirabe chipembedzo cha makolo. Ali ku yunivesite ku Ibadan anawerenga mabuku a azungu onena za Africa, monga Mister Johnson la Joyce Cary, ndipo sanakondwe ndi momwe ankaonetsera anthu akuda. M'mabuku ambiri a nthawi imeneyo munthu wa ku Africa ankaoneka ngati wongokhetsa magazi popanda lamulo kapena chifukwa. Achebe akanatha kuyankha polemba za mudzi wa mtendere wokhawokha, koma sanatero. Analemba za anthu amene ankamenya nkhondo, kutaya ana amapasa ndi kupha mnyamata wosalakwa, kenaka n'kuonetsa kuti anthu omwewo anali ndi malamulo, mabwalo a milandu ndi akuluakulu amene ankakayikira miyambo yawo ina.

Umuofia ndi dera longopeka, koma zina za m'nkhaniyi zikutsamira pa mbiri yeniyeni. Amishoni a Church Missionary Society anafika ku Onitsha mu 1857. Asilikali a Britain anathira nkhondo anthu a ku Arochukwu mu 1901 ndi 1902, ndipo pambuyo pake anapitiriza kugonjetsa midzi ya Aigbo umodziumodzi, chifukwa kunalibe mfumu imodzi yolamulira onse.

Nkhanza za Okonkwo

Okonkwo anatchuka ali ndi zaka 18 atagwetsa katswiri wa masewera ogwetsana dzina lake Amalinze, amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri panalibe womugonjetsa. Pa nkhondo anali atadula mitu ya adani isanu. Mfotokozankhani akunena poyera kuti gwero la ukali wakewo linali mantha. Bambo ake, Unoka, anali munthu wokonda chitoliro ndi uchema, wangongole zambiri, woopa kuona magazi, amene anamwalira wopanda udindo uliwonse waulemu. Okonkwo ankaopa kufanana nawo. N'chifukwa chake ankadana ndi chilichonse chooneka ngati kufatsa, ndipo akasowa mawu ankagwiritsa ntchito nkhonya.

Oyamba kulawa mkwiyo wake anali a m'nyumba mwake. Pa mutu 4 akumenya mkazi wake wamng'ono, Ojiugo, chifukwa anapita kukalukitsa tsitsi osaphika chakudya. Pa mutu 5 akumenya mkazi wachiwiri, Ekwefi, pa nkhani ya masamba a nthochi, ndipo mayiyo atanyogodola luso lake lowombera, Okonkwo akutenga mfuti n'kumuwombera koma kumuphonya. Mwana wake wachisamba, Nwoye, ankamenyedwa kawirikawiri poganiziridwa kuti ndi waulesi ngati agogo ake.

Chofunika kuona ndi momwe mudzi unalandirira zimenezi. Ojiugo anamenyedwa m'Sabata ya Mtendere, masiku opatulika asanayambe kubzala, pamene munthu sankaloledwa ngakhale kukalipira mnzake polemekeza Ani, mulungu wamkazi wa nthaka. Wansembe wa Ani, Ezeani, anakana kola amene Okonkwo anamupatsa monga mlendo, namuuza kuti mlandu wakewo ukhoza kuonongetsa zokolola za dera lonse. Anamulipitsa mbuzi yaikazi, nkhuku, nsalu ndi tinkhono ta m'nyanja 100, tomwe tinkagwira ntchito ngati ndalama. Okonkwo, ngakhale anali munthu wamkulu, analipira. Pa nthawi yomweyo mkulu wina, Ezeudu, akukumbutsa anzake kuti kalekale wophwanya sabatayi ankakhwekhwerezedwa pansi mpaka kufa, koma chilangocho chinathetsedwa poona kuti chinkaononga mtendere womwewo umene chinkafuna kuteteza. Kandime kakang'onoka kakusonyeza kuti Umuofia ankatha kusintha malamulo ake yekha azungu asanabwere.

Komabe mlandu wa Okonkwo unali wa tsiku limene anamenyera mkazi wake. Kumenyako pakokha sikunamuike pa mlandu, ndipo kuwombera Ekwefi sikunafike pa bwalo lililonse. Pa mutu 10 pali mlandu wa Uzowulu, amene kwa zaka zisanu ndi zinayi ankamenya mkazi wake Mgbafo mpaka alongo ake anakamutenga. Oweruza anauza Uzowulu kuti kulimbana ndi mkazi si chamuna, namulamula kupita kwa alamu ake ndi mtsuko wa uchema kukapepesa. Atangotha kuweruza, mkulu wina akudabwa kuti kankhani kotero kafikiranji pa bwalo lalikulu. Choncho chitetezo cha mkazi chinalipo koma chinali chochepa, ndipo chinkadalira kwambiri mphamvu za abale ake.

Chiwawa chololedwa ndi mwambo

Anthu a m'midzi yoyandikana ankaopa Umuofia pa nkhondo. Ngakhale zinali choncho, dera limeneli silinkapita ku nkhondo popanda chifukwa chomveka ndiponso popanda chilolezo cha kachisi wa Agbala. Mkazi wa Ogbuefi Udo ataphedwa pa msika wa ku Mbaino, Umuofia anatumiza Okonkwo ndi uthenga woti a ku Mbaino asankhe nkhondo kapena apereke namwali ndi mnyamata ngati dipo. Anasankha dipo. Namwali anakhala mkazi wa Udo, ndipo mnyamata, Ikemefuna, anasungidwa kwa Okonkwo. Njira imeneyi inapulumutsa anthu ambiri amene akanafa pa nkhondo, koma katundu yense anasenzetsedwa ana awiri amene sanadziwe n'komwe chimene chinachitika pa msikapo.

Imfa ya Ikemefuna, pa mutu 7, ndiyo phata la gawo loyamba. Mnyamatayu anakhala kwa Okonkwo zaka zitatu, anasanduka mkulu wake wa Nwoye, ndipo ankaitana Okonkwo kuti bambo. Kachisi atalamula kuti aphedwe, Ezeudu anabwera yekha kudzachenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja. Okonkwo anapita nawo kuthengoko. Ikemefuna anauzidwa kuti akubwerera kwawo, ndipo anasenza mtsuko wa uchema uku akuganiza za mayi ake ndi mlongo wake. Munthu wina atamutema koyamba, anathamangira kwa Okonkwo kuti amupulumutse, ndipo Okonkwo anamumaliza ndi chikwanje chake poopa kuti anzake amuona ngati wofooka.

Pano pali milandu iwiri imene ophunzira nthawi zina amaisokoneza. Lamulo lakuti mnyamata afe linachokera ku kachisi, ndipo palibe munthu wa ku Umuofia amene analitsutsa poyera. Kutenga nawo mbali kunali kusankha kwa Okonkwo mwini. Bwenzi lake Obierika anakana kupita, ndipo pa mutu 8 akumuuza kuti zimene anachitazo ndi mtundu wa zinthu zimene zimakwiyitsa mulungu wa nthaka mpaka kufafaniza mabanja. Maganizo a Obierika ndi akuti munthu akhoza kumvera kachisi popanda kukhala iye wogwira chikwanje. Okonkwo anakhala masiku awiri osadya, akungomwa uchema, kenaka n'kudzidzudzula kuti wayamba kuchita zachikazi.

Panalinso chiwawa china chimene anthu sankachitcha chiwawa. Ana amapasa ankaikidwa m'miphika n'kutayidwa m'nkhalango yoopsa imene ankatayamo zonse zodetsa nthaka. Wodwala matenda otupa, monga Unoka, ankasiyidwa komweko kuti afe. Mwana womuganizira kuti ndi ogbanje, ndiye kuti mzimu womangobadwa ndi kufa mobwerezabwereza kwa mayi mmodzi, ankachekedwachekedwa atamwalira kuti aope kubweranso. Anthu otchedwa osu, operekedwa kwa milungu, ankasalidwa moyo wawo wonse pamodzi ndi ana awo. Nwoye anamvapo kulira kwa mapasa m'nkhalango, ndipo anamva kuwawa komweko atazindikira kuti Ikemefuna waphedwa. Sanapeze munthu woti amufunse. Amishoni atafika, nyimbo zawo zinakhudza bala limeneli, ndipo ena mwa oyamba kulowa mpingo anali anthu amene mwambo unawapweteka: Nneka, amene anatayitsidwa mapasa kanayi konse, anthu a osu, ndi Nwoye mwini, amene anadzatchedwa Isaac. Okonkwo atamva kuti mwana wake waoneka kwa akhristu, anamugwira pakhosi n'kumumenya ndi ndodo mpaka amalume ake a Okonkwo, Uchendu, anamuletsa. Nwoye anachoka osabwereranso.

Pa mutu 13 mfuti ya Okonkwo ikuphulika pa maliro a Ezeudu n'kupha mwana wa malemuyo wa zaka 16. Imeneyi inali ngozi, koma kukhetsa magazi a munthu wa mtundu wako kunali kulakwira nthaka. Mlandu wangozi unkatchedwa wachikazi ndipo chilango chake chinali kuchoka m'dera zaka zisanu ndi ziwiri. Okonkwo anathawira ku Mbanta, kwawo kwa mayi ake. M'mawa mwake amuna anatentha nyumba zake, kupha ziweto ndi kugumula nkhokwe, ndipo Obierika anali nawo m'gululo. Sanachite izi mwachidani. Ankatsuka nthaka. Pambuyo pake Obierika anakhala pansi n'kumadzifunsa chifukwa chake munthu avutike chotere pa mlandu wosachitira dala, ndipo anakumbukira mapasa a mkazi wake amene iye mwini anakataya. Owerenga ambiri amaona kuti lamulo linalanga Okonkwo koopsa pa imfa imene sanaifune, pamene pa imfa ya Ikemefuna, imene anachita ndi dzanja lake akudziwa, silinamukhudze konse.

Chiwawa cha atsamunda

Mbiri ya azungu ikufika koyamba ngati nkhani ya kutali, pa mutu 15, kudzera mwa Obierika amene anakachezera mnzake ku Mbanta. Mzungu wina anafika ku Abame pa njinga yakapalasa. Kachisi wa kumeneko atanena kuti mlendoyo adzaononga mtundu wawo, anthu anamupha n'kumangirira njingayo ku mtengo wopatulika. Patapita nthawi, azungu atatu ndi asilikali awo anazinga msika wa Abame pa tsiku lodzaza anthu n'kuwombera pafupifupi onse amene analipo. Akatswiri ambiri amagwirizanitsa nkhaniyi ndi zimene zinachitika mu 1905, pamene dokotala wa ku Britain, J. F. Stewart, anaphedwa akuyenda pa njinga m'dera la Aigbo, ndipo asilikali a boma analipsira pa anthu a ku Ahiara ndi midzi yozungulira.

Abame akafanizidwa ndi Mbaino, kusiyana kumaoneka msanga. Pa imfa ya munthu mmodzi, Umuofia anatumiza mthenga, anapereka mwayi wosankha ndipo anatchula dipo. Pa imfa ya munthu mmodzi, atsamunda anafafaniza mudzi osakambirana ndi aliyense. Uchendu anati a ku Abame anapusa kupha munthu amene sananene kanthu komanso sakudziwa kumene wachokera. Okonkwo anati anapusa chifukwa chopita ku msika opanda zida. Mayankho awiriwa akuimira njira ziwiri zimene anthu anali nazo, ndipo bukuli silikuonetsa kuti ina mwa izo ikanawapulumutsa.

Okonkwo atabwerera ku Umuofia anapeza kuti kuli khoti, ndende ndi amesenjala ochokera kutali ku Umuru, amene ankamenya akaidi, ngakhale amuna a maudindo aulemu, n'kuwatumikiritsa ntchito zonyozeka. Aneto, amene anapha Oduche pa mkangano wa munda, sanaloledwe kuthawa monga mwa mwambo. Anagwidwa n'kukanyongedwa ku Umuru, ndipo mundawo unaperekedwa kwa banja limene linapereka ziphuphu kwa amesenjala ndi womasulira. Boma limene linati labwera kudzathetsa kuphana linabweretsa chingwe chonyongera, ndi woweruza amene sankadziwa chinenero kapena mwambo wa malo.

Mmishoni woyamba ku Umuofia, Brown, ankaletsa akhristu ake kuputa anthu, ndipo ankakambirana za chipembedzo ndi mkulu wina dzina lake Akunna. Wolowa m'malo mwake, James Smith, analibe kuleza mtima kotero. Pa nthawi yake mkhristu wina wotentheka mutu, Enoch, anavula chigoba mmodzi wa egwugwu, mizimu ya makolo imene inkatuluka pa miyambo ndi kuweruza milandu. Pamenepo sipanatuluke dontho la magazi, koma kwa anthu a ku Umuofia kunali kupha mzimu wa kholo. Egwugwu anagumula nyumba ya Enoch ndi kutentha tchalitchi, koma Smith sanamupweteke, ndipo Enoch sanaphedwe. Ngakhale pa mkwiyo waukulu chotere, mudzi unadziikira malire.

Yankho la boma linali lachinyengo. Bwanamkubwa anaitana atsogoleri asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo Okonkwo, kuti akakambirane. Atangoika zikwanje zawo pansi anamangidwa maunyolo. Amesenjala anawameta mipala, anawamana chakudya ndi madzi, ankawagundanitsa mitu ndi kuwakwapula. Boma linalamula dipo la matumba 200 a tinkhono, ndipo amesenjala anauza mudzi kuti ndi 250 kuti 50 akhale awo.

Chikwanje chomaliza

Pa msonkhano wa dera lonse umene unachitika atsogoleri atatulutsidwa, amesenjala asanu anabwera kudzaulamula kuti uthe. Okonkwo anatema mkulu wawo kawiri n'kumudula mutu. Anthu sanagwire amesenjala enawo. Anabalalika, ena akufunsana chifukwa chimene wachitira zimenezo. Apa Okonkwo anazindikira kuti Umuofia sapita ku nkhondo, ndipo anapukuta chikwanje chake pa mchenga n'kuchoka.

Kupha kumeneku kukusiyana ndi kwa mitu isanu ija ya pa nkhondo. Nthawi imeneyo Okonkwo ankapha atatumidwa ndi dera lake, kachisi atavomereza. Pano anapha yekha, msonkhano usanagamule kanthu, kotero chikwanje chake chinadula zokambirana zimene mesenjala anabwera kudzaletsa. Ena amamuona ngati ngwazi yokana utsamunda imene anzake anaisiya pa moto. Ena amati anthu a ku Umuofia ankakumbukira Abame, ankadziwanso kuti nkhondo ikanawakakamiza kupha abale awo amene analowa mpingo, choncho kuzengereza kwawo sikunali mantha chabe. Bukuli likupereka umboni wokwanira mbali zonse ziwiri, ngakhale n'kovuta kutcha Okonkwo ngwazi yopanda banga munthu akakumbukira Ikemefuna.

Okonkwo anadzimangirira pa mtengo kuseri kwa nyumba yake. Kudzipha kunali kulakwira nthaka, motero abale ake sakanatha kukhudza mtembowo, ndipo anapempha anthu a bwanamkubwa kuti autsitse. Munthu amene moyo wake wonse ankathawa manyazi a imfa ya bambo ake anafanso imfa yosayenera maliro aulemu. Ndime yomaliza ikulowa m'maganizo a bwanamkubwa, amene akulemba buku lonena za kukhazikitsa bata pakati pa mitundu ya kumunsi kwa mtsinje wa Niger, ndipo akuona kuti nkhani ya Okonkwo ingakwane ndime imodzi. M'mutu wa buku lakelo, kuwombera anthu pa msika ndi kukwapula akuluakulu kukutchedwa mtendere.

Zimene ena anadzudzula

Florence Stratton, m'buku lake la 1994 lonena za mabuku a ku Africa ndi nkhani za amayi ndi abambo, anadzudzula Achebe kuti amayi a m'nkhaniyi sapatsidwa mpata wokwanira woti amveke maganizo awo. N'zoona kuti owerenga amalowa mumtima mwa Nwoye ndi Obierika, pamene maganizo a Ojiugo atamenyedwa sakumveka. Oikira kumbuyo bukuli amaloza kwa Ekwefi, amene anataya ana asanu ndi anayi ndipo anatsatira wansembe Chielo usiku wonse pofuna kuteteza mwana wake Ezinma, komanso ku mfundo yakuti milandu ikuluikulu ya Okonkwo yonse inalakwira mulungu wamkazi.

Kufanana ndi mbiri ya kumapiri a Dedza

Wowerenga wa ku Dedza kapena ku Ntcheu sachedwa kuzindikira zina za m'bukuli, chifukwa derali linakumana ndi atsamunda a ku Britain m'zaka zomwezo. Dziko linakhala pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1891, ndipo mu Okutobala 1896 asilikali a boma anathira nkhondo Angoni a Maseko n'kupha Inkosi Gomani woyamba. Malipoti a atsamunda ndi mbiri imene Angoni amakamba zimasiyana pa momwe inkosiyo inaphedwera, zimene zikufanana ndi vuto la pa ndime yomaliza ya Achebe, la amene ali ndi mphamvu yolemba mbiri. Kusiyana n'kwakuti Angoni anali ndi inkosi imodzi yoti adani aigwire, pamene amishoni a m'bukuli atafunsa za mfumu ku Mbanta anauzidwa kuti kulibe.

Nkhani ya Enoch ndi egwugwu ili pafupi kwambiri ndi mkangano wa Gule Wamkulu ndi amishoni. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902 ndi ya Bembeke mu 1910. Akhristu ankaletsedwa kupita ku dambwe, sukulu za mishoni zinkalimbirana anyamata ndi chinamwali cha nyau, ndipo kunkabuka ndewu ndi milandu akhristu akaulula zinsinsi kapena kulanda zida za gule. Milandu yotere inkathera kwa bwanamkubwa. Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden analemba za mikangano imeneyi mu 1972, ndipo Linden anaifotokozanso m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa a ku Nyasaland. Pa mutu 10 Achebe akunena kuti akazi a Okonkwo mwina anaona kuti mmodzi wa egwugwu akuyenda ngati mwamuna wawo, koma anasunga mumtima, ndipo munthu amene anakulira m'mudzi wa gule safuna womumasulira ndime imeneyo. Ntchito zake zinali zosiyanako, popeza egwugwu ankakhala ngati bwalo lalikulu la milandu pamene zilombo za nyau zimatuluka makamaka pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu.

Nakonso kuno kunali mwambo umene unkapha anthu m'dzina la chilungamo. Woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa mwabvi, ndipo boma la atsamunda linaletsa zimenezi ndi lamulo la za ufiti la 1911. Pa nkhani yothawira kuchimake, Mchewa amaiona mwa mtundu wina: kwa Okonkwo kupita kwa amalume kunali kutsika ndi manyazi chifukwa Aigbo a m'bukuli amatsata kuchimuna, pamene kwa Achewa kwa amalume ndiye kwawo kwenikweni kwa mwana.

Mathero a mkangano wa ku Dedza sanafanane ndi a ku Umuofia. Gule Wamkulu sanathe, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse. Pa mishoni ya Mua pomwepo, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba yake yosungiramo zakale ya Chamare imasunga zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao.